ZA UMOYO: Mitsempha ya magazi pa impso yopatsidwa

Impso zonse ziwili zikaleka kugwila nchito, madotolo angathe kuikila wodwala impso yocokela kwa munthu wina, kawili-kawili wacibale. Opaleshoni yoyamba yotele imene inayenda bwino inacitika ku Boston mu 1954. M'Zambia inayamba mu 2018 pa cipatala ca UTH ku Lusaka, ndipo odwala ena amakacitila ku India. Wodwala akatuluka m'cipatala, a m'banja ndiwo amakhala oyamba kuona ngati zinthu zalakwika.

Impso yatsopano siikidwa kumsana. Imaikidwa m'munsi mwa mimba, kumanja kapena kumanzele. Mitsempha yake iwili, wobweletsa magazi ndi wowacotsa, imasokeledwa ku mitsempha ikulu-ikulu yopita ku mwendo. Umodzi ukatsekeka, impso ili pangozi.

MAGAZI KUUNDANA

Vuto ili limabwela maka-maka m'masabata awili oyamba. Magazi amaundana ndi kutseka mtsempha. Mkodzo umacepa mwadzidzidzi kapena kulekelatu, nthawi zina umatuluka ndi magazi. Pamalo pamene pali impso pamatupa ndi kupweteka, ndipo mwendo wa mbali imeneyo ungatupenso. Impso yosowa magazi imafa m'maola ocepa cabe. Wodwala apelekedwe ku cipatala cacikulu nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Asayembekezele tsiku la rivyu.

MTSEMPHA KUCEPA

Vuto laciwili limabwela pang'ono-pang'ono, kawili-kawili pakati pa miyezi 3 ndi zaka 2. Mtsempha wobweletsa magazi umacepa njila, nthawi zambili pafupi ndi pamene anasoka. Impso ikalandila magazi ocepa, imakweza BP. Motelo BP imakana kutsika ngakhale wodwala akumwa mankhwala bwino. Miyendo imatupa, ndipo ena amavutika kupuma. Madotolo amaona vutoli ndi sikani ya Doppler, ndipo angafutukule mtsemphawo ndi kabaluni kolowetsedwa mkati mwake. Likapezeka msanga, impso imapulumuka.

ZOYENELA KUCITA PA NYUMBA

1. Wodwala aziona kuculuka kwa mkodzo wake tsiku lililonse.
2. Azipimitsa BP kawili-kawili ndi kulemba manambala m'kabuku kosonyeza dotolo.
3. Akatsegula m'mimba kapena kusanza, apite ku kiliniki msanga, cifukwa madzi akacepa m'thupi magazi savuta kuundana.
4. Asagule Brufen kapena diclofenac pa kantemba, ndipo asamwe mankhwala a zitsamba. Angaononge impso.
5. Asaleke mankhwala oletsa thupi kukana impso, monga tacrolimus, ngakhale tsiku limodzi.
6. Aleke fodya, pakuti amaononga mitsempha.

Pa cipatala ciliconse, wodwala kapena womupelekeza anene poyamba kuti ali ndi impso yopatsidwa, ndi kusonyeza makalata a opaleshoni. Mau amenewa amathandiza anamwino kuti amuone mwamsanga, pakuti ku impso yotsekeka mtsempha ola lililonse ndi lofunika.