Penti wa galimoto akang'aluka, polishi sathandiza

Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amalume anga ku Rimuka, mu Kadoma, pa Peugeot 404 yomwe inkanyamula katundu kupita ku Chegutu. Dzuwa linali litaiwaula denga mpaka penti kung'aluka ngati dothi la padambo mu Okutobala.

Musanagule chilichonse, tsukani galimotoyo ndi sopo. Ikamawala ili yonyowa, pentiyo akadali bwino: kwechani pang'ono ndi sandipepa wa nambala 2000 woviika m'madzi, kenako pakani polishi. Koma chikhadabo chikamakola m'ming'alu, polishi n'kutaya ndalama. Ine tsiku lina ndinachita ulesi, ndinapopera penti watsopano pamwamba pa ming'alu. Isanathe miyezi itatu inaonekeranso, mwini galimoto n'kubwera kudzafuna ndalama zake.

Palani ndi sandipepa wa 80 mpaka chitsulo chioneke, musalaze ndi wa 180. Pakani pulaima tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chikagona pamtetete chimachita dzimbiri. Pulaima akauma, salazani ndi wa 400, ndipo mupopere penti mopyapyala katatu, muli pamthunzi.

Popala, phimbani mphuno ndi pakamwa, ana akhale kutali. Penti wina wakale amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limawononga ubongo wa mwana.