Kodi Miyala ya ku Stonehenge Adaiimikiranji?

Teremu yatha ndidataya malikisi asanu pa mayeso a mbiri yakale chifukwa cha miyala. Funso lidati tifotokoze ntchito ya Stonehenge, ine n'kulemba molimba mtima kuti adali kachisi wa ansembe akale otchedwa Druids. Ndidazitenga m'buku lina lothaitha la mu laibulale. Abambo amene amatiphunzitsa adangolemba ndi inki yofiira kuti, "Umboni uli kuti?" Manyazi adandigwira, ndipo ndidayamba kufufuza.

Stonehenge ili m'chigwa cha Salisbury ku England. Ntchito idayamba zaka pafupifupi 3000 Yesu asanabadwe, ndipo miyala ikuluikulu, yolemera matani 25 umodzi, adaiimika patapita zaka ngati 500. Miyala ing'onoing'ono idachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, mtunda woposa makilomita 200, nthawi imene kumeneko kudalibe ngolo. Mu 2024 akatswiri adapezanso kuti mwala wina wogona pakati udachokera ku Scotland. Eni ake sadasiye cholembedwa chilichonse, n'chifukwa chake ophunzira amakangana.

Ganizo langa lija adalifalitsa ndi William Stukeley mu 1740. Vuto lake n'lakuti ma Druids adadza miyalayo itakhala kale zaka zoposa chikwi.

Mu 1965 Gerald Hawkins adalemba buku lonena kuti malowo adali owerengera nyengo ndi kulosera kadamsana. N'zoona kuti miyalayo idalunjika kumene dzuwa limatulukira pa tsiku lalitali kwambiri m'chaka, ndi kumene limalowera pa tsiku lalifupi kwambiri. Koma za kadamsanazo ambiri adazikana.

Timothy Darvill ndi Geoffrey Wainwright, amene adakumba pamalopo mu 2008, adati odwala ankapitako kukafuna machiritso, monga momwe akhristu amapitira ku Lourdes. Anzanga ena m'kalasi adalikonda ganizoli, mwina chifukwa cha dzina la Lourdes basi.

Ine landigwira mtima ndi la Mike Parker Pearson. Mu 1998 adapita ku Stonehenge ndi Ramilisonina, katswiri wa ku Madagascar, amene atangoona adati kwawo miyala amaimikira makolo akufa, pamene mitengo ndi ya amoyo. Ndipo pamtunda wa makilomita atatu, ku Durrington Walls, padapezeka mudzi, malo a nsanamira zamitengo ndi mafupa ambiri a nkhumba zodyedwa pa maphwando. Ku Stonehenge kwenikweniko adafukulako mafupa otenthedwa a anthu okwana ngati 60.

Komabe ndili ndi kachikaiko. Kwathu kumudzi zinthu n'zotembenuka: mitengo yowirira ili ku manda, ndipo palibe amene angayerekeze kuidula chisawawa. Ngati ife ndi a ku Madagascar tikusiyana chonchi lero lino, tingatsimikize bwanji za anthu a ku England a zaka 4,500 zapitazo? Funsoli ndawapatsira Abambo aja, ndipo ati tidzakambirana Lachiwiri.