Kuphunzira ndi Manja Kunja kwa Kalasi

Tiwerenge ndime izi mosinthana, kenako tikambirane mafunso ali kumapeto.

1. Mwana wa Sitandade 7 angathe kuloweza mitundu ya dothi n'kukhoza mayeso a zaulimi, koma mukapita naye kudimba osatha kusiyanitsa makande ndi dothi lamchenga. Zoloweza zimaiwalika mayeso akangotha. Zimene mwana wayesa yekha ndi manja ake amazikumbukira, ndipo kuno ku Chikwawa, kumene chilala ndi madzi osefukira zimasinthana, nzeru zotere zimathandiza banja lonse.

2. Tiyambe ndi dothi. Mwana athire dothi m'botolo loonekera mkati mpaka theka, awonjezere madzi, akhutchumule kwambiri ndi kulisiya mpaka mawa. Mchenga umakhazikika pansi msanga chifukwa timiyala take n'tokulirapo. Dothi losalala limatsatira, ndipo dongo limakhala pamwamba. Akayerekeza dothi lakudimba ndi lakumtunda, amvetsa chifukwa chake makande amasunga madzi nthawi yaitali n'kung'ambika m'chilimwe.

3. Mvula nayo imayezeka. Dulani botolo lapulasitiki losapindika m'mbali, ikani timiyala pansi, thirani madzi mpaka aphimbe timiyalato, ndipo lembani mzere pamenepo ngati poyambira. Liikeni poyera, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse ana ayeze ndi rula madzi amene awonjezereka, alembe m'kope, kenako abwezere madziwo pamzere. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pamalo otalika mita imodzi mbali zonse. Ana amene anaona namondwe Ana akuwononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, sadzafunsa kuti masamu amenewa ndi antchito yanji.

4. Tilinso ndi malo ophunzirira pafupi. Bungwe la African Parks linayamba kusamalira nkhalango ya Majete mu 2003, nyama zambiri zitatha chifukwa cha kusaka mozembera malamulo. Zipembere zinabwezeretsedwa chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Ku Lengwe kuli boo. Mwana amene waziona ndi maso ake amamvetsa bwino phunziro la kusamalira chilengedwe. Ngati ndalama zaulendo palibe, ana afese njere za nsangu kapena nimu m'timachubu, azithirira ndi kuyeza kutalika kwa mbande sabata iliyonse.

5. Tichenjere pa zinthu ziwiri. Kutuma ana kukapalira munda wa munthu si phunziro. Phunziro limakhala ndi funso, ndipo ana amabwerera ndi yankho lolembedwa. Chachiwiri ndi chitetezo: tipemphe chilolezo kwa makolo ndi aphunzitsi aakulu, tipite m'mawa dzuwa lisanatenthe, titenge madzi akumwa, ndipo ana asayandikire mtsinje wa Shire chifukwa cha ng'ona.

Mafunso okambirana
a. Ndi luso liti limene munaphunzira pochita, ndipo anakuphunzitsani ndani?
b. M'mudzi mwathu ndi alimi, asodzi kapena amisiri ati amene angaphunzitse ana kwa ola limodzi?
c. Tingatani kuti atsikana asatsale kunyumba pamene anyamata akupita?

Ntchito ya sabata ino
Awiriawiri, sankhani ndime 2 kapena 3 ndipo muichite pamodzi ndi ana osachepera atatu. Tikadzakumananso mubwere ndi botolo ndi kope la anawo.