MAKINA OYENGA MAFUTA A MPENDADZUWA

Mpendadzuwa ndi mbeu imene alimi a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi aidziwa bwino. Sulira feteleza wambiri monga cimanga, ndipo upirira mvula ikacepa. Kale mlimi anali kugulitsa mbeu yace yonse kwa ogula ocokera kutali, nabwerera ku sitolo kukagula saladi wa m'botolo pa mtengo wokwera. Masiku ano m'misika ya m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata mupezeka anthu a makina oyenga mafuta, ndipo ndarama imene inali kupita kutali itsala pakati pa eni dera.

Thandizo loyambira nchito yotere lilipo. Bungwe la Citizens Economic Empowerment Commission, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2006, libwereketsa ndarama kwa nzika za malonda. M'caka ca 2022 Boma linakweza thumba la CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo gawo lina linapatulidwa kuti lithandize magulu a amai ndi acinyamata. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, cotero maofesi ali pafupi kuposa kale.

Komabe anthu awiri angalandire makina ofanana tsiku limodzi, ndipo pakutha pa caka a wina ali kulira tsiku ndi tsiku, a mnzace aphimbidwa ndi masaka. Kawirikawiri cifukwa cace ndi mbeu. Mpendadzuwa ucuruka mvula ikatha, pa nthawi yokolola, ndipo mtengo wace utsika pamenepo. Pofika dzinja usowa, ndi wotsalawo ukwera mtengo. Munthu amene anathera ngongole yonse pa makina alibe cogulira mbeu pamene iri yochipa. Makina ace ayenda miyezi itatu kapena inai naima, koma ngongole siima. Iyo ifuna kubwezedwa mwezi ndi mwezi. Nkwabwino kugula makina ang'ono ndi kusunga ndarama ya mbeu, kusiyana ndi kugula akulu opanda cowadyetsa. Mbeu yogulayo iume bwino, ndipo matumba asanjidwe pa mitengo, osati pansi, pakuti cinyezi cibweretsa nkhungu ndi kuononga pfungo la mafuta.

Wopanda ndarama yokwanira angathe kuyengera anzace, monga acitira a cigayo. Mlimi abwera ndi thumba lace, natenga mafuta, nalipira ndarama kapena kusiya zotsalira, zimene ambiri azicha keke. Keke imeneyi isayesedwe zinyalala. Ndi cakudya conenepetsa nkhumba, nkhuku ndi ng'ombe, ndipo ku Katete, kumene nkhumba ziri zambiri m'midzi, ogula sasowa. Nthawi zina phindu la mwini makina liri m'keke momwemo.

Bvuto lina liri m'thumba la mwini. Ndarama ya malonda ikasakanizika ndi ya pakhomo, sizidziwika ngati nchito iri kupindula. Lero kuli maliro, mawa mwana afuna za sukulu, mkuca mlamu wadza kudzabwereka. Zonsezi nzoyenera pakati pa abale, koma zicoke pa malipiro amene mwini adzipatsa, osati pa mpamba. Buku limodzi la sukulu likwanira: mbeu yogula, mafuta oturuka, ndarama ya magetsi kapena dizilo, ndi za anchito, zilembedwe madzulo ali onse. Obwereketsa ndarama akhulupirira msanga munthu wa buku.

M'bukumo mukhalenso ndarama yokonzera makina. Mcenga ndi timiyala zidya citsulo cofinya mbeu, cotero mbeu ipetedwe isanalowe. Munthu wa ku Vubwi, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, asamale koposa, pakuti citsulo cikathyoka, cina cikafunidwa ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo masiku a nchito atayika pa ulendo. Za magetsi nazo zisaiwalike: cilala ca 2024 cinaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku, ndipo makina odalira magetsi okha anakhala cete.

Thandizo lopindulitsa koposa ndi limene lidza pamodzi ndi maphunziro ndi msika. Bungwe la COMACO liphunzitsa alimi a Cigawo ca Kum'mawa, ligula nshawa zao, ndi kupanga ciponde ca It's Wild! cimene cigulitsidwa m'masitolo a m'mizinda. Woyenga wamng'ono angatengepo nzeru: apangane ndi alimi a kwao mbeu isanabzalidwe, ndipo adziwe kumene akagulitse mafuta asanayenge. Mafuta adikhe masiku angapo, asefedwe, naikidwe m'mabotolo oyera ndi ouma. Wofuna kulowa m'masitolo akulu alembetse malonda ace ku PACRA, ndi kupimitsa mafuta ace ku Zambia Bureau of Standards. Mlangizi wa makopaletivu pa boma alongosola njira yace, ndipo ndi bwino kumuona cikalata ca ngongole cisanalembedwe.