Phunziro la Mwezi Uno: Kasamalidwe ka Makutu a Galu wa Ubweya Wautali

Galu ndi chiweto chopezeka pa makomo ambiri m'midzi ya dziko lino. Iye amalonda nyumba usiku, amapirikitsa anyani ndi nguluwe m'munda, ndiponso amaperekeza alenje ku uzimba. Ntchito zonsezi zimadalira makutu ake, pakuti galu amamva mgugu wa mapazi munthu asanamve kanthu. Makutuwo akadwala, galu amasiya kulonda, amakhala wokwiya, ndipo angathe kuluma mwana amene amasewera naye masiku onse. N'chifukwa chake nkhani ya makutu a galu ndi nkhaninso ya umoyo wa banja.

Agalu a makolo athu ali ndi ubweya waufupi, motero mpweya umalowa bwino m'makutu mwawo. Koma masiku ano m'midzi mukupezekanso agalu a ubweya wautali ochokera m'matauni, obadwa kwa mitundu yakunja monga German Shepherd, Cocker Spaniel, Poodle ndi Maltese. Anthu amawakonda chifukwa cha kukongola kwawo. Komabe akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ubweya wokongolawo umatha kubisa matenda kwa masabata ambiri mwini wake osadziwa.

M'MENE KHUTU LA GALU LIDAPANGIDWIRA

Khutu la galu lili ndi zigawo zitatu. Chigawo choyamba ndi chakunja, ndicho chikopa chooneka chija pamodzi ndi ngalande yolowera m'kati. Chachiwiri ndi chapakati, chimene chili kuseri kwa kachikopa kopyapyala kotchedwa ng'oma ya khutu. Chachitatu ndi cham'kati mwenimweni, chimene chimathandiza galu kumva ndi kuyenda mosadzandira.

Ngalande ya khutu la munthu ndi yaifupi ndi yolunjika ndithu. Ya galu ndi yaitali ndi yopindika ngati kaliwo: imatsika pansi, kenaka n'kukhotera m'kati. Madzi, fumbi kapena njere ya udzu zikalowa, zimakakhala pokhota paja ndipo sizituluka msanga. Tsono ngati khutulo ndi logwa, ndipo pakhomo pa ngalande pali ubweya wambiri, m'katimo mumakhala motentha ndi monyowa nthawi zonse. Malo otere ndiwo amene tizilombo timaswana mofulumira, makamaka m'nyengo ya dzinja, kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Epulo, pamene chinyezi chimachuluka.

ZOYAMBITSA MATENDA

1. Tinthata ta m'khutu. Tizilombo timeneti, timene a zasayansi amatitcha Otodectes cynotis, n'tating'ono kwambiri kotero kuti timaoneka ngati timadontho toyera toyenda. Timadya phula ndi zotuluka pa khungu la m'khutu. Dzira lake limatenga pafupifupi masabata 3 kuti likhale kachilombo kakakulu koikira mazira ena. Timafala mosavuta pakati pa ana agalu ndi amphaka ogona pamodzi.

2. Nkhupakupa. Nkhupakupa yofiirira ya agalu imakonda kumamatira m'kati mwa chikopa cha khutu ndi pakati pa zala. Imasiya tizilonda, imayamwa magazi, ndipo imapatsa galu malungo oopsa ochititsa usinini kuyera ndi mkodzo kufiira.

3. Njere za udzu. Chisoso ndi njere zosongoka za udzu wa m'tchire zimakola mu ubweya wautali. Njere yosongoka imalowa chamtsogolo chokhachokha, ndipo ingathe kuboola ng'oma ya khutu. Galu amene wayamba kupukusa mutu mwadzidzidzi atangochokera ku tchire kawirikawiri amakhala ndi vuto limeneli.

4. Ntchentche zoluma. Ntchentche za m'khola la ng'ombe zimaluma nsonga za makutu mpaka kutuluka magazi ndi kuchita nkhanambo zakuda. Ntchentche zina zimaikira mazira pa chilonda chonyowa, ndipo m'masiku ochepa mumagwa mphutsi.

5. Madzi otsalira m'khutu galu akasambitsidwa, akawoloka mtsinje kapena akavumbwa ndi mvula.

6. Kuyabwa kwa khungu. Agalu ena thupi lawo siligwirizana ndi zakudya zina, fumbi kapena kulumidwa ndi utitiri. Agalu otere amadwala makutu mobwerezabwereza ngakhale akusamalidwa bwino.

Chimodzi mwa zimenezi chikawononga khungu la m'ngalande, mabakiteriya ndi kayisiti kotchedwa Malassezia, zimene zimakhalamo kale pang'ono popanda vuto, zimachuluka mopitirira muyeso. Pamenepo ndiye payambira fungo ndi mafinya.

ZIZINDIKIRO

Mwini galu ayenera kukhala tcheru akaona zinthu izi: galu akupukusa mutu pafupipafupi, akukanda khutu ndi mwendo wam'mbuyo uku akulira, akukhukhuza mutu pansi kapena pa khoma, m'khutu mwafiira ndi kutentha, mukutuluka fungo loipa, galu akukana kugwiridwa kumutu.

Zotuluka m'khutu zimapereka chithunzi cha chimene chavuta. Zakuda ndi zouma ngati nyenyeswa za makala kawirikawiri zimasonyeza tinthata. Zofiirira, zamafuta ndi zonunkha ngati chotupitsa zimasonyeza kayisiti kaja. Mafinya achikasu kapena obiriwira amasonyeza mabakiteriya. Koma wotsimikiza chenicheni ndi dokotala wa ziweto yekha, amene amayang'ana m'ngalande ndi chida chounikira ndi kupima zotulukazo pa makina okulitsa zinthu.

Matenda akanyalanyazidwa amabala mavuto ena aakulu. Kupukusa mutu kwambiri kumadula timitsempha ta magazi m'chikopa cha khutu, ndipo khutulo limafufuma ngati kathumba ka madzi. Likapanda kuthandizidwa limauma mokwinyika mpaka kalekale. Matenda akalowa kuseri kwa ng'oma ya khutu, galu amapendeketsa mutu mbali imodzi, amayenda mozungulirazungulira, amagwa, ndipo pomaliza angathe kugontha.

KASAMALIDWE KA SABATA NDI SABATA

Mwini galu ayenera kusankha tsiku limodzi pa sabata loyang'ana makutu a chiweto chake. Ntchitoyi ndi ya munthu wamkulu amene galuyo adamuzolowera, osati ya mwana. Ndi bwino kuzoloweza galu kugwiridwa makutu akadali wamng'ono.

Poyamba atukule chikopa cha khutu pa malo owala, ayang'ane ndi kununkhiza. Khutu labwino ndi louma, losafiira, ndi lopanda fungo. Kenaka apese ubweya wa kuseri ndi kunsi kwa khutu, kuchotsa chisoso ndi njere zonse. Ubweya wopotana ndiponso umene watseka pakhomo pa ngalande audule ndi sizasi yosasongoka, ataika chipeso pakati pa khungu ndi sizasiyo kuti asatemere galu. Kale anthu ankazula ubweya wa m'ngalande nthawi zonse, koma tsopano zidadziwika kuti kuzula m'khutu losadwala kumasiya tizilonda; motero kuzula kuchitike pokhapokha dokotala wa ziweto atalamula.

Popukuta, atenge kansalu koyera kapena thonje, akanyowetse pang'ono ndi madzi owiritsa amene azizira, napukute malo okhawo amene maso akuona. Pomaliza aumitse ndi kansalu kena kouma. Khutu lililonse likhale ndi kansalu kakekake, ndipo zogwiritsa ntchitozo zitenthedwe kapena zitayidwe m'chimbudzi. Posambitsa galu, madzi asathiridwe kumutu.

Nkhupakupa ichotsedwe poigwira ndi kopanira pafupi ndi khungu ndi kuikoka pang'onopang'ono molunjika. Isaphwanyidwe ndi zala, chifukwa nkhupakupa ya agalu imatha kufalitsa malungo ena kwa anthu. Malo ogona galu asesedwe kawirikawiri, akhale ouma ndiponso otalikirana ndi khola la ng'ombe ndi dzala, kumene ntchentche zimaswana. Akatha zonsezi, munthu asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya kapena mwana.

ZOYENERA KUPEWA

Makutu a agalu amathanso kuwonongeka ndi chithandizo cholakwika. Munthu asalowetse kamtengo, nthenga ya nkhuku kapena chikutu cha machesi m'ngalande, pakuti zimenezi zimakankhira zonyansa m'kati ndipo zingaboole ng'oma ya khutu. Asathiremo palafini, oyilo wakuda wa galimoto, kachasu, phulusa, madzi a fodya, kapena mankhwala a dibi la ng'ombe. Zonsezi zimatentha khungu, ndipo zina ndi poizoni amene angaphe galu.

Mankhwala a m'makutu amene mwana adalandira ku chipatala asaperekedwe kwa galu, ndipo a galu asaperekedwe kwa mwana. Mankhwala ena odonthezera, monga amene ali ndi gentamicin, angathe kugonthetsa ngati ng'oma ya khutu idabooka. Mapiritsi a anthu opha ululu, monga ibuprofen, amawononga mimba ndi impso za galu. Mankhwala a ivermectin, amene alimi amabayira ng'ombe ndi mbuzi, ndi oopsa kwa agalu a mtundu wa Collie ndi ena obadwa kwa iwo, amene ambiri ndi a ubweya wautali. Choncho asaperekedwe popanda uphungu wa odziwa.

Galu wotuluka mafinya, wotupa khutu, wogwa mphutsi kapena wopendeketsa mutu atengeredwe msanga kwa mlangizi wa ziweto wa m'deralo, amene angathandize kapena kutumiza mwini galu kwa dokotala wa ziweto ku boma. Mankhwala operekedwawo amalizidwe masiku onse amene anenedwa, ngakhale galu aoneke ngati wachira. Ngati vuto ndi tinthata, agalu ndi amphaka onse a pakhomopo alandire chithandizo nthawi imodzi.

KHUTU LOPWETEKA NDI CHIWEWE

Galu womva ululu amaluma ngakhale mbuye wake. Asanagwiridwe khutu lodwala, amangidwe kukamwa ndi nsalu yofewa kwa kanthawi kochepa, ndipo ana akhale patali.

Pali chenjezo lina lalikulu koposa. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akudzandira, akuchucha dovu, akulephera kumeza, akuluma mitengo ndi miyala, kapena mawu ake asintha pouwa, asaganiziridwe kuti akudwala khutu chabe. Zimenezi zingakhale zizindikiro za chiwewe. Galu wotere asagwiridwe konse. Atsekeredwe ngati n'kotheka popanda ngozi, ndipo mlangizi wa ziweto ndi mfumu auzidwe nthawi yomweyo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likunena kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa agalu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikayamba kuoneka mwa munthu, chiwewe sichichizika. Koma chimapeweka. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, chilonda chitsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite ku chipatala tsiku lomwelo kuti a zaumoyo aone za katemera. Asadikire kuti aone ngati galuyo adwala, ngakhale kuti galuyo ayenera kusungidwa ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10.

Katemera woyamba wa chiwewe adaperekedwa kwa munthu ndi Louis Pasteur ku Paris m'chaka cha 1885. Tsiku la 28 Seputembala, limene iye adamwalira mu 1895, ndilo tsiku lokumbukira matendawa pa dziko lonse kuyambira mu 2007. Akatswiri adapeza kuti agalu 7 mwa 10 alionse akabayidwa katemera m'dera, chiwewe chimaleka kufala. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a boma, lidabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Galu aliyense ayenera kubayidwa chaka ndi chaka, ndipo chiphaso chake chisungidwe pamodzi ndi mabuku a ku sikelo. Tsiku la katemera ndi mpata wabwinonso wopempha mlangizi kuti aone makutu a galuyo.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. N'chifukwa chiyani galu wa ubweya wautali amadwala makutu kawirikawiri koposa galu wa makolo?
2. Ndi zinthu ziti zimene siziyenera kuthiridwa kapena kulowetsedwa m'khutu la galu?
3. Ndi zizindikiro ziti zosonyeza kuti galu sayenera kugwiridwa konse?
4. Kodi mayi achite chiyani poyamba mwana wake akalumidwa ndi galu?

Banja limene limayang'ana makutu a galu wake kamodzi pa sabata, kumuchotsa nkhupakupa ndi kumubayitsa katemera chaka chilichonse limakhala ndi mlonda wakumva bwino, ndipo ana ake amasewera pabwalo mopanda mantha. Kupewa kuposa kuchiza.