Ndikachotsa khoma pa vidiyo, diresi nalo likusowa

FUNSO

Alangizi,

Ndine telala, ndimasokera pakhonde pa nyumba ya lendi ku Ndirande. Masiku ano makasitomala ambiri amandipeza pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndiye mwana wa achemwali anga amandijambula timavidiyo ndi foni ndikamasoka kapena ndikamaonetsa diresi lomwe ndamaliza. Chondivuta ndi zooneka kumbuyo kwanga: khoma la njerwa losapaka pulasitala, ndowa za aneba, zovala zoyanika pachingwe, nthawi zina mpaka mbaula ikufuka. Anzanga a m'tauni akaponya zawo kumaoneka magalasi ndi mashelefu, ine manyazi amandigwira.

Mwanayu anapeza app yochotsa za kumbuyo n'kuikapo chithunzi cha shopu yokongola, koma zotuluka zake n'zomvetsa chisoni. Tsitsi langa limadyeka m'mbali, ndikakweza diresi theka lake limasowa, makina osokera amangoti balamanthu kenako zii. Kodi vuto ndi foni kapena app? Ndilipire ija yolipira?

China, ndili ndi vidiyo ya chinkhoswe ya mphindi 40 pomwe mkwatibwi ndi omuperekeza onse anavala zosoka ine. Anandipatsa ndi mwini chinkhoswe. Ndikufuna kuiduladula kuti ndiziponya pa TikTok ndi pa status, koma ndikaiimika anthu a m'mbali amatsala kunja. Ndithandizeni.

Mayi wosoka, Blantyre

YANKHO

Mayi, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Zimene mwafotokozazi zimachitika ngakhale pa ma app olipira, chifukwa vuto limayambira pa nthawi yojambula.

Vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zotsatana, kawirikawiri 30 pa sekondi iliyonse. App ngati CapCut, ya kampani ya ByteDance yomwenso ndi eni TikTok, imayang'ana chithunzi chimodzichimodzi n'kuganizira kuti munthu akuthera apa, khoma likuyambira apa. Pa vidiyo ya mphindi imodzi ndiye kuti yaganizira ka 1,800. Ikaphonya pang'ono pa zithunzi zingapo, inu mumaona m'mbali mwa tsitsi mukunjenjemera. Komanso AI yamtunduwu anaiphunzitsa kuzindikira munthu, mutu, mapewa, manja. Diresi lomwe mwanyamula si thupi lanu, makina osokera nawonso ayi, choncho imaziyesa mbali ya khoma n'kuzifufuta. Kwa munthu wongolankhula pa kamera zimenezi zilibe kanthu. Kwa inu n'zoopsa, popeza chimene chikufufutidwacho ndiye malonda anu.

Ndiye pali nkhani ya kuwala. Makonde ambiri ndi amthunzi, ndipo wojambula akaima pakhomo n'kulozetsa foni panja, dzuwa limakhala kumbuyo kwanu, nkhope n'kuda bii. Khungu lathu, tsitsi lakuda ndi njerwa zootcha zili mumthunzi, kamera ya foni imaziona ngati za mtundu umodzi. Nkhaniyi inamveka kwambiri mu 2020, anthu akuchitira misonkhano pa Zoom chifukwa cha Covid-19, pamene munthu wina wa payunivesite ku Canada anaonetsa kuti mnzake wakuda akaika background yochita kupanga, mutu wake unkafufutika limodzi ndi khoma. Mapulogalamu asintha kuchokera nthawi imeneyo, komabe malo amdima amawasokonezabe, ndipo ife a khungu lakuda ndiye timayamba kudyeka.

Muuzeni mwanayo kuti dzuwa lizikhala kumbuyo kwa iye, inu muzipenya komwe kukuchokera kuwala. M'mawa kapena chakumadzulo ndi bwino kuposa masana dzuwa lili paliwombo. Muzitalikira khoma mapazi awiri kapena atatu, muvale mtundu wosiyana nalo, foni aitsamiritse penapake kuti isagwedezeke, ndipo asanayambe apukute kagalasi ka kamera n'kudina pankhope panu kuti foni iyeze kuwala pamenepo. Pokweza diresi musathamange. Dzanja lothamanga limatuluka losaoneka bwino pa chithunzi, ndipo AI siidziwa poti idule.

Koma mankhwala enieni muli nawo kale m'manja monga telala. Gulani mamita atatu a nsalu yopanda maluwa, ya mtundu wofatsa, muipinde m'mphepete, muisite bwino, muzikoloweka pakhomapo nthawi yojambula. Ndowa ndi mbaula musunthe. Mukatero simufunanso app yochotsa chilichonse. Ngati tsiku lina mukufunadi kusintha za kumbuyo, nsaluyo ikhale yobiriwira, mugwiritse ntchito chroma key, yomwe mu CapCut ilimo. Ndi njira yomwe olengeza zanyengo pa TV akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Iyo siganizira kuti munthu ndi uti, imangochotsa mtundu umodzi umene mwailozera, motero diresi ndi makina zimatsala bwinobwino. Chenjezo lake ndi lakuti chitenje chokhala ndi masamba obiriwira chidzabooka mabowo paliponse pali tsamba. Tsiku lojambula chotero kolowekani nsalu ya buluu. Makwinya ndi mthunzi wanu pansaluyo nazonso zimasiya madontho, n'chifukwa chake ndikulimbikira za kusita ndi kutalikira.

Pa mavidiyo omwe munajambula kale, sankhani blur m'malo mochotseratu khoma. Za kumbuyo zimangooneka mwachimbuuzi, ndipo app ikaphonya m'mphepete mwa diresi, diso siligwira msanga monga limachitira pakakhala chithunzi chachilendo. Yambani mwadula kachidutswa komwe mukufunako musanakakonze, chifukwa zida zina za AI zimatumiza vidiyo pa intaneti kuti ikakonzedwe kumeneko, ndipo bandulo imatha mukuona.

Za shopu ya magalasiyo, ine sindikugwirizana nazo, ndipo ndinene mosabisa. Kasitomala amene waona mashelefu pa Facebook n'kubwera kudzakupezani pakhonde amayamba kukayika zonse, ngakhale msoko umene uli wabwino. Zida zatsopano zomwe zimajambulanso chithunzi chonse zimatha kusintha maluwa a chitenje kapena kuwalitsa mtundu wake, munthu n'kuitanitsa diresi lomwe kulibe. Eni masamba a pa intaneti nawonso anaikapo malamulo. Kuyambira mu March 2024, YouTube imafuna kuti woponya anene ngati wasintha vidiyo mwakuti malo enieni kapena chochitika chenicheni chikuoneka mosiyana ndi momwe zinalili, pomwe blur ndi kukonza kuwala sizifuna kulengeza. TikTok nayo imafuna chizindikiro pa zinthu zopangidwa ndi AI zooneka ngati zenizeni. Manja anu akuyendetsa nsalu pansi pa singano, tepi ili m'khosi, mizere ya choko ili pachitenje, ndi zimene zimamutsimikizira munthu kuti diresilo mwasoka ndinu, simunatole chithunzi pa intaneti. Zimenezo musazibise.

Tibwere ku chinkhoswe. Vidiyo yogona nthawi zambiri imakhala ya timadontho 1920 m'mbali ndi 1080 chokwera. TikTok, ma Reels a Instagram ndi status zimakonda yoimirira, ya 9:16. Mukaiimika osasintha msinkhu, m'mbali mumatsala timadontho pafupifupi 608 pa 1920 paja, osakwana ngakhale gawo limodzi mwa atatu. Zili ngati kudula diresi la munthu wamkulu pa nsalu ya mwana, penapake payenera kuperewera. Ngati operekeza anaima asanu ndi mmodzi pamzere, mutsala ndi awiri.

Pali chida chotchedwa Auto Reframe, chomwe Adobe inaika mu Premiere Pro mu 2019 ndipo pano chimapezekanso m'ma app a pafoni. Chimatsatira amene akuyenda kuti azikhala pakati. Chimagwira bwino mkwatibwi akamalowa yekha, koma pagulu chimadumphadumpha kusaka woti chimutsatire. Pamzere wa operekeza, isiyeni vidiyo yogona pakati, kumwamba mulembe dzina la bizinesi, kunsi mtundu wa nsalu. Kapena muyendetse chithunzi pang'onopang'ono kuchokera kwa woyamba mpaka kwa womaliza, aliyense aoneke chovala chake. Zida zomwe zimadzaza malo otsala ndi zinthu zopeka muzipewe pomwe pali anthu, zimapeka manja ndi nsalu zomwe panalibe.

Funsaninso kuti vidiyo muli nayoyo inadzera kuti. Ngati inadzera pa WhatsApp mwa nthawi zonse, inafinyidwa kale, ndipo mukaidula n'kuikulitsa maluwa a chitenje aphwanyika. Pemphani yochokera kwa wojambula pa flash kapena itumizidwe ngati document. Ikakhala ya 4K, ya 3840 ndi 2160, mwapata, chifukwa ngakhale mutaiimika mumatsala ndi 1215 m'mbali, zoposa 1080 zomwe vidiyo yoimirira imafuna.

Posankha zidutswa, khalani pansi ndi cholembera muonere mphindi 40 zonsezo, muzilemba nthawi: pomwe mkwatibwi akulowa, pomwe akutembenuka kumbuyo kwa diresi n'kuoneka, pomwe operekeza akuvina masiketi akuuluka, pomwe kamera yayandikira pamkono kapena pakhosi. Kachidutswa kalikonse kanene chinthu chimodzi, masekondi 15 mpaka 30, ndipo chovala chioneke m'masekondi awiri oyambirira, munthu asanakankhe chala. YouTube Shorts imalola mpaka mphindi 3 kuyambira mu October 2024, koma diresi limodzi silifuna nthawi yonseyo. Mawu olembedwa pavidiyo muzitayipa nokha, popeza makina omvera n'kulemba okha amapotoza Chichewa, ndipo ambiri amaonera ali m'minibasi mawu atatseka. Muziwaika chapakati, chifukwa kunsi ndi kudzanja lamanja kumaphimbidwa ndi mabatani. Mukamaliza sungani kope loyera mufoni, muziponya lomwelo paliponse. Yotsitsa pa TikTok imabwera ndi chidindo chawo, ndipo Instagram inanena mu 2021 kuti ma Reels okhala ndi zidindo za ma app ena siiwaonetsa kwa anthu ambiri.

Musanaponye kalikonse ka chinkhoswecho, pali anthu oyenera kuwapempha. Mwini chinkhoswe mwina anakupatsani kuti muone momwe zovala zinakhalira, osati kuti nkhope za abale ake zikhale zotsatsira malonda. Funsani mkwatibwi ndi woperekeza aliyense amene aoneke, yankho lawo likhale lolembedwa, ngakhale pa WhatsApp pomwepo, ndipo ana musawaonetse makolo asanavomere. Amene wakana, m'duleni kapena muonetse chovala chokha kuyambira m'khosi kutsika. Wojambula vidiyoyo naye angakhale ndi umwini pa ntchito yake malinga ndi lamulo la Copyright Act la 2016 komanso zomwe anagwirizana ndi eni mwambo, choncho muimbireni. Ambiri amavomera mukalonjeza kutchula dzina lawo.

Nyimbo zomwe DJ ankaika tsikulo zilinso ndi eni ake, ndipo kuno kwathu amene amayang'anira ufulu wa oimba ndi bungwe la COSOMA. Facebook imatha kutseka mawu a vidiyo yotere, YouTube imazindikira nyimbo kudzera mu Content ID, ndipo pa TikTok akaunti ya bizinesi imayenera kutenga nyimbo mu Commercial Music Library. Chotsani phokoso la pachinkhoswepo, mujambule mawu anu muli m'chipinda chabata, foni ili pafupi ndi pakamwa, munene kuti nsaluyi ndi yanji, inalowa mamita angati, komanso munthu aitanitse kudakali masabata angati kuti mwambo wake usafike diresi lili pamakina.