Kasinthasintha wa Mbewu ndi Msika wa Mlimi

Sukulu, mahotela ndi mabanja ogula chakudya mwachindunji kwa alimi amafuna zokolola zosiyanasiyana komanso zaukhondo. Ntchitoyi imayambira m'sitolo ya wogulitsa mbewu.

Alimi akabwera kudzagula mbewu ya chimanga, afotokozereninso za soya, mtedza ndi nandolo. M'mizu ya mbewuzi mumakhala tizilombo tokoka nayitrojeni mumpweya, kotero chimanga chobzalidwa pamalopo chaka chotsatira chimafuna feteleza wocheperako, ndipo kaufiti amachepa. Soya mugulitse limodzi ndi inokulanti wosungidwa pozizira. Mtedza wovomerezeka, monga CG7, umabereka maso ofanana, koma akumbutseni alimi kuuumitsa bwino. Chuku chimabweretsa poizoni wa aflatoxin, ndipo wogula amene wachipeza m'thumba sabweranso chaka chamawa.